Ndeke, mbuzi ndi kilasi ya Grade 7: lipoti la nkhani ya phokoso pa ka strip kena kuno kum'mawa

Anzanga a ma operations, a safety, ndi inu mapailoti omwe mumatera m'ma strip, timabwalo ta ndeke ta kumudzi, ndalemba lipoti ili kuti nkhani yomwe tinakumana nayo isangothera m'mafailo a mu ofesi. Sinditchula dzina la strip, la sukulu, la mudzi kaya la makampani chifukwa anthu ake akali pompo ndipo tikugwirabe nawo ntchito. Ine ndimakhala ku Chipata, ndimaona za safety ndi ma operations pa kampani ina ya ndeke zing'onozing'ono za hayala.

Strip yake ndi ya gravel, eni ake ndi a famu ina yomwe ilinso ndi malo ogona alendo. Yagona kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa ndipo yatsetsereka pang'ono chakumadzulo. Palibe tower yoongolera ndeke, palibe mpanda, pali windsock, kansalu koonetsa komwe mphepo ikuchokera, ndi mlonda m'modzi basi, mapailoti amangouzana okhaokha pa wailesi kuti ine ndili apa ndikutera. Kumapeto kwa kum'mawa, chakumpoto pang'ono, kuli sukulu ya pulaimale ya malata yopanda siling'i, kuseri kwake kuli kiliniki. Chakum'mwera kuli dambo lalitali la madimba, mulibe nyumba mpaka kutsidya komwe kuli mudzi. Nthawi ya mvula ndeke zimabwera mwa apo ndi apo, koma May akangolowa, ma camp a ku South Luangwa atsegula, zimachuluka mpaka October. Zambiri zimachoka pamenepa kupita ku Mfuwe, zina Lusaka zina Lilongwe, kuphatikizapo za odwala, ndiye sabata ya Kulamba kumapeto kwa August ndi ya mavuto payokha.

Chizindikiro choyamba chinali kalata ya pamanja yochokera kwa a hedi, yosainidwanso ndi a tcheya a PTA, inapita kwa eni strip iwo n'kutitumizira ife chifukwa ndife timaterapo kwambiri. Kalata yaulemu ndithu. Inangoti ndeke zikudutsa pamutu pa sukulu, aphunzitsi akumasiya kaye kukamba, ana ang'onoang'ono akumathamangira panja kukaona, ndipo a Grade 7 ali ndi mayeso kutsogoloku.

Yankho lomwe limabwera msanga kwa ife a ndeke mumalidziwa, timafunsa kuti kodi ndi ndeke zingati patsiku, ndipo tikamva kuti ndi zochepa timati aaa palibe nkhani, si Heathrow ino, bwalo lalikulu la ndeke la ku London lija. Ndikufuna ndiime pang'ono pamenepa chifukwa ndi pomwe nkhani zambiri za mtundu uwu zimafera. Miyezo yomwe mabwalo akuluakulu amagwiritsa ntchito, monga Lden, imatenga phokoso la tsiku lonse n'kuligawa pa maola onse. Pa bwalo lomwe ndeke imanyamuka mphindi iliyonse zimenezo zili ndi nzeru. Koma pa strip ya kumudzi pomwe tsiku lonse kuli zii, n'kubwera ndeke imodzi kung'amba mlengalenga kwa masekondi 30, avareji ija imatuluka yotsika bwinobwino, pepala likukamba kuti kulibe vuto pomwe mphunzitsi wataya kilasi yake kwa mphindi khumi kuti ana akhalenso pansi. A WHO anaika 35 dB (ma decibel, muyezo wa phokoso) ngati mulingo wa m'kilasi nthawi ya maphunziro, ndipo nkhani ya ana si yongoganizira ayi. Ku Munich, ku Germany, mu 1992 anatseka bwalo la ndeke lakale n'kutsegula latsopano, ofufuza anatsatira ana a mbali zonse ziwiri, ndipo ana a pafupi ndi bwalo lotsekedwalo anayamba kuchita bwino pa kuwerenga ndi kukumbukira pomwe a pafupi ndi latsopanolo anatsika. Strip yathu siingafanane ndi Munich, koma khutu la mwana ndi limodzimodzi.

Ndiye tinagwirizana kuti tisayambe ndi kutsutsa, tiyambe ndi kufunsa kuti ndi ndeke iti, ikuchita chiyani pa nthawi yomwe ikusokonezayo.

Zomwe tinapeza

Makina oyezera phokoso ovomerezeka tinalibe. Tinagwiritsa ntchito app ya pa foni, ndipo ndikambiretu kuti manambala a pa foni musamawalembe mu lipoti ngati choonadi, foni siinayezedwe, mafoni awiri pamalo amodzi amakupatsani manambala osiyana. Phindu lake ndi kuyerekezera chabe, foni imodzi yomweyo, pakhonde lomwelo la kilasi ya Grade 7, kuti tione ndeke iyi ndi iyi ikusiyana bwanji. Chomwe chinatithandiza kwambiri ndi kope wamba lomwe tinasiyira amai ena ophunzitsa kilasi imeneyo. Tinalemba mizere inayi, nthawi, mtundu wa ndeke olo kungoti yaikulu kaya yaing'ono ndi kala yake, kaya imabwera kaya imapita, ndi funso limodzi lakuti kodi munasiya kuphunzitsa, inde kaya ayi. Kumbali yathu tinapempha mapailoti atipatse ma track a GPS, mizere yoonetsa momwe ndeke inadutsa, a m'ma tablet awo, tinawaika pa Google Earth n'kuyerekezera ndi nthawi za m'kope muja.

Aliyense, a hedi omwe, ankaloza ndeke ya mtundu wa Caravan chifukwa ndi yaikulu. Kope linakana. Mizere ya inde yambiri inali pa Cessna 206, ka ndeke kakang'ono. Kwa amene amadziwa ma propela izi sizodabwitsa koma ndizifotokoze chifukwa ndi zomwe tinafotokozeranso a PTA. Pa ndeke zoterezi phokoso lalikulu ponyamuka silichokera mu injini kwenikweni, limachokera kunsonga kwa propela. 206 ya injini ya IO-520 imanyamuka pa 2850 RPM, ndiye kuti propela ikuzungulira ka 2850 pa mphindi, propela yake ndi ya pafupifupi mamita 2, ndiye mukawerengera nsonga ija ikuthamanga cha m'ma 300 mita pa sekondi pomwe liwiro la mawu mumpweya ndi cha m'ma 340. Yatsala pang'ono kufikapo. Zili ngati chikwapu cha pa ngolo, chogwirira chimayenda pang'onopang'ono koma kansonga kaja ndi komwe kamalira kuti phwaa chifukwa kathamanga kuposa mawu. Caravan propela yake ndi yaikulu, pafupifupi mamita 2.7, koma imazungulira 1900 RPM basi, nsonga yake ili cha m'ma 270. Ndeke yaikulu, mawu ofewerapo. Ndipo 206 yomweyo mukaibweza pa 2550 RPM, yomwe buku lake limapereka pa kukwera kwa masiku onse, nsonga imatsikiranso cha m'ma 270 momwemo, kung'amba kuja kumatha. Ma track ndi kufunsa mapailoti zinaonetsa kuti ambiri ankasiya propela kutsogolo, ndiye kuti pa 2850 pompo, mpaka atakhota kale, buku limalola mphindi 5 pa 2850 ndiye palibe lamulo lomwe ankaphwanya.

Kukhotako ndiye kunali kwachiwiri. M'chilimwe mphepo ya kuno imakonda kuchokera kum'mawa ndi kum'mwera chakum'mawa, ndiye kunyamuka kumakhala koloza kum'mawa. Mfuwe ali kumbuyo, kumpoto chakumadzulo. Lamulo la masiku onse likuti khotera kumanzere pokhapokha utauzidwa zina. Ndiye munthu akangodzuka pansi, mafiti mazana angapo, amapinda kumanzere, ndipo kumanzere kumeneko ndi padenga pa sukulu ndendende. Ma track onse anaunjikana pamenepo ngati anachita kupangana.

Koma chachitatu ndi chomwe chinasintha nkhani yonse, ndipo pa mapu sichinkaoneka msanga. Mizere ya inde yochuluka kuposa yonse inali pa ndeke zobwera, osati zopita. Ndeke yotera siyenera kukhala ya phokoso, mphamvu imakhala yotsitsa. Titawafunsa amai aja anati ikabwera imayamba yadutsa pansi penipeni ngati itera, kenako imalira kwambiri n'kukwera pamutu pathu, kuzungulira, ndiye n'kudzatera bwino. Low pass. Aliyense wa ife amene anaphunzira kutera kuthengo anaphunzitsidwa zimenezi, dutsa kaye pansi uone ngati pali maenje, nyama, anthu, ndipo ngati pali ziweto uzithamangitse ndi phokoso. Pa strip iyi low pass inasanduka chizolowezi cha ulendo uliwonse chifukwa mbuzi zinkakhalapo pafupifupi tsiku lililonse. Ndiye taganizani, ndeke ili pansi penipeni kumapeto a kum'mawa, full power, propela kutsogolo, n'kupinda kumanzere. Palibe kunyamuka kulikonse komwe kunkafika pafupi ndi denga lija ngati pamenepa.

Nanga mbuzi zinkafunanji pa gravel? Mlonda ndi amene anatiuza, titakhala naye pansi pa mtengo osati mu mitingi. Udzu wa m'mbali mwa strip ankautentha msanga, cha mu June, kuti ntchito yotchetcha ichepe. Pakapita masabata ochepa pa lupsa paja pamaphuka msipu wobiriwira, nthawi yomwe kwina konse kwauma gwaa. Anyamata oweta sangalakwe, amapita komwe kuli msipu. Komanso kanjira ka ku borehole ndi ka ana a kutsidya popita kusukulu kankadula strip pakati penipeni. Phokoso la m'kilasi ya Grade 7 linkayambira pa machesi a mu June.

Zomwe tinasankha ndi chifukwa chake

ICAO, bungwe la za ndeke la dziko lonse lapansi, mu 2001 inagwirizana za njira yomwe amaitcha Balanced Approach, ili ndi mbali zinayi, kuchepetsa phokoso pa ndeke penipenipo, kukonza kagwiritsidwe ntchito ka malo ozungulira bwalo, kusintha kaulukidwe, ndipo pomaliza penipeni zina zonse zikakanika, kuletsa ndeke zina kaya maola ena. Kwa ife kugula ndeke zatsopano ndi maloto, sukulu siingasamuke, ndipo kuletsa maola eni strip anakuganizirako koma ine ndinakana chifukwa ndeke ya wodwala siifunsa kuti kilasi yatuluka. Kunatsala kaulukidwe. Vuto ndi lakuti zomwe zili m'mabuku, njira zonyamukira mochepetsa phokoso zotchedwa NADP 1 ndi NADP 2 za mu PANS-OPS, buku la ICAO la kaulukidwe, zotsitsa mphamvu osachepera mafiti 800 n'kumakwera mpaka 3000, anazilembera ndeke zikuluzikulu za jet. Simungazikope n'kumata pa 206. Mfundo yake yokha ndiyo tinatenga, kuti phokoso limagonja ndi mtunda. Mtunda pakati pa ndeke ndi khutu ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi pafupifupi 6 dB, ndipo kutsika kwa 10 dB munthu amakumva ngati theka. Ndeke yodutsa pa mafiti 300 mukaikweza kufika 1200 mwawirikiza kawiri kawiri, ndi 12 dB imeneyo, popanda kugula kalikonse.

Pulani yoyamba inali yapafupi, ukanyamuka koloza kum'mawa khotera kumanja, kudambo, osati kumanzere. Tinagwirizana kuti tiyese kaye kwa kanthawi tisanalembe m'mabuku. Kusukulu kope linayamba kudzaza ma ayi, a hedi anatumiza meseji yothokoza. Koma ndeke yokhotera kumanja ikufuna Mfuwe iyenera kuzungulira kwambiri kuti ibwerere kumpoto chakumadzulo, ndipo uta umenewo unkatha pamutu pa mudzi wa kutsidya kwa dambo ikali pansi. Tsiku lina kunali maliro m'mudzimo, abusa ali mkati molalikira, 206 inadutsa. Pailotiyo sankadziwa kalikonse, anachita zomwe tinagwirizana. Madzulo ake uthenga unafika kwa eni strip kuti a mfumu akufuna kutiona.

Tinapita, ine ndi manejala wa famu ndi mlonda uja, tinakhala pansi n'kuomba m'manja monga mwa mwambo. A mfumu sanakweze mawu. Anati, "Ana anga, za kusukulu ndinamva ndipo ndinakondwa, ana aja ndi athu omwe. Koma chomwe mwachotsa kusukulu mwadzatula pakhomo panga, ndipo palibe anabwera kudzandiuza." Ine ndinati, "Zikomo a mfumu, tamva, tipatseni mpata tibwere ndi mapu tione pamodzi." Anzanga, apa pali phunziro lalikulu la nkhani yonseyi. Kusintha njira ya ndeke nthawi zambiri sikuchotsa phokoso, kumangolisamutsa, ndipo amene mwamusamutsira uja amamva kuwawa kuposa amene analizolowera. Musanasunthe track yang'anani amene ali pansi pa njira yatsopanoyo mpaka pomwe ndeke idzakhale itakwera, osangoti pomwe ikukhotera, ndipo mukawaone iwowo kuyesa kusanayambe. Mapu a pa kompyuta amaonetsa madenga, saonetsa manda, khola la ng'ombe, kaya mtengo womwe anthu amachitira milandu. Zimenezo anatilozera ndi a mfumu ndi nduna zawo titabwerera ndi pepala losindikiza.

Pulani yachiwiri inatuluka pa mphasa pamenepo. Ukanyamuka koloza kum'mawa usakhote msanga mbali iliyonse. Pendekera kumanja pang'ono chabe, osapitirira madigiri 15, kuti ukhale pamwamba pa dambo, sukulu kumanzere mudzi kumanja onse patali. Ukadutsa mitengo ndipo ndeke ikukwera bwino, pa mafiti 500 bweza propela monga buku likukambira. Pitiriza ndi dambo mpaka mafiti 1000 pamwamba pa strip, ndiye khotera kumanzere mwa uta waukulu, pomwe ukudzafika mbali ya sukulu uli kale pamwamba komanso chakumpoto kwake. Zimaonjezera timphindi tiwiri kaya titatu pa ulendo wa ku Mfuwe, ndipo Avgas, mafuta a 206, ndi yodula, a maakaunti anadandaula ndithu, koma titawaonetsa kuti low pass ndi circuit yake, kuzungulira kuja kobwerera kudzatera, zimadya mafuta oposa pamenepo ndipo tikufuna kuzichotsa, anavomera.

Tinaonjezeranso za kusankha mbali. M'mamawa nthawi zambiri mphepo imakhala kulibe, ndiye palibe chifukwa chonyamukira kusukulu. Mphepo ikakhala bata nyamuka koloza kumadzulo, kotsetsereka, Mfuwe ali kutsogolo kale, ndipo tera koloza kum'mawa, kokwera, ukuchokera mbali yopanda nyumba. Malire tinatenga a ICAO omwe amati phokoso lisakhale chosankhira runway ngati mphepo ya kumbuyo yapitirira ma knot 5 (muyezo wa liwiro la mphepo) kaya ya m'mbali yapitirira 15 kuphatikizapo ma gust, kuomba kwa mwadzidzidzi kuja, kaya pansi panyowa. Koma chenjerani ndi ichi, mukatero mwapanga kuti wonyamuka ndi wotera ayang'anizane pa strip yopanda tower. Ndiye tinalemba mwamphamvu kuti wonyamuka kumadzulo aitane pa wailesi asanalowe pa strip ndiponso asanaponde mphamvu, ndipo ngati pali wina akubwera adikire pansi mpaka atere. Dzuwa nalonso, kutera koloza kum'mawa litangotuluka kaya kunyamuka koloza kumadzulo likulowa, mu August ndi September muli fumbi ndi utsi wa lupsa, sumaona kanthu. Pamenepo pailoti asankhe yekha.

Za low pass ndiye zinatenga nthawi kuposa zonse chifukwa sizinali za mlengalenga. Simungauze pailoti kuti siya kuyang'ana strip, ndipo ine sindingasaine pepala lotero olo atandikakamiza, mbuzi imodzi pa propela kaya mwana wodutsa ndi chidebe ndi nkhani ina kotheratu. Chomwe mungachite ndi kuchotsa chifukwa chake. Eni strip anavomera kusiya kutentha, udzu wa m'mbali azitchetcha ndi zikwakwa, ganyu wake n'kupatsa anyamata a m'mudzi momwemo. A mfumu anauza oweta kuti mbuzi zisadutse mzere wa miyala yopaka laimu yomwe tinaika, ndipo analoza mbali ina ya dambo yodyetsera. Kanjira kaja tinakapatutsa kuti kazungulire kumapeto kwa kumadzulo, anthu anang'ung'udza poti kanatalika ndipo ena amadulabe, sindinama. Mlonda tinamupatsa wailesi ya m'manja ndi airtime, ntchito yake ndi kuyenda strip yonse ndeke isanafike, kutumiza meseji pa WhatsApp ya gulu la mapailoti kuti strip ili bwino, n'kuimanso pooneka ndi jekete lowala mpaka itere. Pailoti akalandira meseji ndi kumumva mlonda pa wailesi, amadutsa pamwamba pa mafiti 1000 kuona windsock, circuit yonse amapangira kum'mwera pamwamba pa dambo osafika pamudzi, n'kutera kamodzi. Akapanda kulandira, kaya akaona chomwe sichikumusangalatsa, low pass ndi ufulu wake, tinangopempha kuti pokwera atsate dambo osapinda kumanzere. Tinakumbutsananso za kutsika bwino pa madigiri 3, pafupifupi mafiti 300 pa nautical mile iliyonse, chifukwa ena ankabwera chokwawa kuchokera kutali atapondereza mphamvu, zomwe ndi phokoso komanso sizabwino injini ikazima.

Zonsezi zinakwana pa tsamba limodzi lokhala ndi chithunzi cha mapu. Tinaliika mu ops manual yathu, eni strip anatumiza kwa makampani ena onse omwe amapempha chilolezo chotera, ndipo tinalembera a ZCAA, bungwe loyang'anira za ndeke mu Zambia, kuwadziwitsa za circuit ya kum'mwera poti ikusiyana ndi ya masiku onse. Musadumphe sitepe imeneyi, pailoti wachilendo amene sakudziwa adzalowa circuit ya kumanzere pomwe wanu ali kumanja.

October

Mayeso enieni a pulaniyi anabwera ndi kutentha. Tsiku lina masana cha m'ma 14 hours 206 inanyamuka yodzaza, alendo ndi zikwama zawo, koloza kum'mawa poti mphepo inalipo. Pailoti, mtsikana wa maola ochepa koma wa mutu wabwino, anafika pa mafiti 500 mochedwa kwambiri, ndeke ikukwera mwaulesi, ndipo sanabweze propela, anaisiya pompo mpaka ataona kuti wapeza mpata. Anatsata dambo bwinobwino koma phokoso linamveka mpaka kukiliniki, ndipo foni inalira kuofesi kuti mwayambiranso.

Atatera anandiimbira yekha ali ndi mantha kuti walakwira pulani. Ndinamuuza kuti mwachita bwino, ndipo mawa mukakumana nazo muchitenso chimodzimodzi. Tiwerengere limodzi. Strip za pamtunda pano zambiri zili cha m'ma 3500 fiti, pomwe mpweya wa muyezo umayenera kukhala pa madigiri 8. Kukatentha 35, mwapitirira ndi 27, ndipo digiri iliyonse imaonjezera pafupifupi mafiti 120. Ndeke ija ikudzimva ngati ili pa mafiti 6700, injini yopanda turbo yataya mphamvu, mapiko ndi propela zikugwira mpweya wopepuka. Munthu ameneyo mukamuikira mantha a lipoti la phokoso m'mutu, tsiku lina adzabweza mphamvu pomwe samayenera. Choncho pa tsamba lija tinalemba mzere woyamba ndi zilembo zikuluzikulu kuti chitetezo chili patsogolo, captain akhoza kusiya mbali iliyonse ya pulaniyi popanda kufunsidwa mlandu, angotiuza pambuyo kuti tidziwe chomwe chinachitika. Ndipo 500 ija tinaisintha kalembedwe, sitinati pa mafiti 500 bweza, tinati osabweza usanafike 500 ndiponso usanakhutire ndi kukwera kwake. Kasiyanidwe kakang'ono pa pepala koma mu cockpit ndi kakakulu.

Chomwe tinakonza ndi ndandanda. Maulendo olemera a mu October ndi November tinawakokera m'mamawa kukali kozizira, ana asanalowe m'kilasi, zomwe zinathandiza performance ndi phokoso nthawi imodzi, ndipo alendo ambiri amakondwa kufika kuchigwa cha Luangwa dzuwa lisanakwiye. Ndinapitanso kwa a hedi kukawafotokozera za tsiku lija maso ndi maso, kuti masiku ena otentha mudzaimva ndithu ndipo chifukwa chake ndi ichi. Anamvetsa msanga kuposa m'mene ena a mu ofesi anamvera. Anatipatsa timetable ya mayeso a Grade 7 ya ku ECZ, bungwe la mayeso, itangofika, ife n'kuitumiza pa gulu lija kuti maola a mapepala tipewe kunyamuka ndi kutera, kupatula ndeke ya wodwala. Makampani onse anatsata, ndipo ndeke ya wodwala siinabwere sabata imeneyo.

M'mene zilili lomba

Kope lija likadalipo, amai aja anapempha okha kuti lisachotsedwe. Ma inde amapezekabe koma ndi apa ndi apo, ndipo tikawatsata pafupifupi onse ndi a ndeke zachilendo zomwe pailoti wake sanaone tsamba lathu, makamaka sabata ya Kulamba, kaya masiku omwe network inavuta meseji ya mlonda osafika. Pa vuto la network tinauza mlonda kuti wailesi ndiyo yoyamba, WhatsApp ndi yongothandizira, ndipo eni strip anagula ka solar kotchajira chifukwa wailesi yopanda moto inatipangitsa low pass kangapo. Mapailoti atsopano timawatengera pa strip imeneyi ndi captain wakale ulendo woyamba, amaonetsedwa denga la sukulu, mudzi ndi manda ali m'mwamba, chifukwa kuwerenga mapu ndi kuona ndi maso ndi zosiyana. Kumudzi kwa a mfumu sikunabwerenso dandaulo, ndipo kukagwa maliro nduna imaimbira mlonda, iye n'kulemba pa gulu, ife tsiku limenelo timayesetsa kunyamukira kumadzulo mphepo ikalola.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi malo. Pulani yonseyi yatsamira pa dambo lija kukhala lopanda nyumba, ndipo chaka chino taona maziko awiri atsopano ndi uvuni wa njerwa m'mphepete mwake chakum'mawa, pansi penipeni pa pomwe ndeke zimakwerera. Malowo ndi a mwambo, amagawa ndi a mfumu, ndipo anthu akuchuluka, sangaletsedwe kumanga popanda kuwapatsa pena. Tinajambula pa mapu kachigawo komwe tikupempha kuti kakhale ka madimba ndi msipu chabe, tinapereka kwa a mfumu ndipo kope lina linapita ku khonsolo kudzera kwa eni strip. A mfumu anati aitana nduna ndi eni maziko aja tikambirane mvula isanayambe, ndipo anatiuza kuti tibwere ndi mapu aakulu kuposa aja chifukwa akuluakulu ena maso anafooka.